Usiku umene anandiyeza tulo

Aphunzitsi anzanga amene tinagonapo chipinda chimodzi nthawi yochonga mayeso, ndikudziwa kuti simunaiwale dzina limene munandipatsa. Munkanditcha Chigayo. Ena munkachita kuwonjezera kuti chigayo chake si cha magetsi ayi, koma cha dizilo, chija chimalira n'kukhala ngati chathima, kenako n'kudzambatukanso mwaukali. Mnzanga wina wa masamu anafika ponyamula matiresi ake n'kukagona m'kalasi, akuti bola kulumidwa ndi udzudzu. Ine ndinkaseka nanu limodzi, ndipo nkhaniyi ndinkaisimba monyadira ngati kuliza mkonono ndi luso.

Lero ndikufuna ndikuuzeni za kuthima kuja, chifukwa ndinakayezetsa ndipo ndinakuona ndi maso anga. Nanunso amene munadutsa m'manja mwanga kuno ku Guilleme, makamaka inu amene ndinakutchetchetsani udzu chifukwa chosinza m'kalasi, werengani mpaka kumapeto. Simulephera kupezapo poseka.

Chimene chinandikankhira kuchipatala chinachitika mu July 2023. Ananditumiza kukayang'anira mayeso a MSCE pasukulu ina muno m'boma la Mchinji. Lamulo lake mukulidziwa: suwerenga nyuzi, sugwira foni, maso ako akhale pa ana basi. M'mawa umenewo kunkazizira, ndipo kadzuwa kankalowera pawindo n'kumandiwomba kumsana. Ndinakhala pampando kuti ndipumitse miyendo pang'ono. Chotsatira chimene ndikukumbukira ndi dzanja la mkulu woyang'anira mayeso lili paphewa panga, holo yonse ikundiyang'ana, ana ena atagwira pakamwa. Sindinangosinza chabe, ndinali nditayatsa chigayo pakati pa mayeso a boma.

Mkuluyo anandinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, tiyeni panja pang'ono." Panjapo sanakalipe. Anangondiyandikira ngati akufuna kumva fungo, n'kufunsa kuti, "Kodi mwalawako?" Ine mowa ndinasiya kalekale, ana anga omaliza sanandionepo ndi botolo. Funso limenelo linandipweteka kuposa kalata yochenjeza imene ndinkaiopa.

Sabata yomweyo, ndikuchokera ku Kamwendo panjinga yanga yamoto, ndinadzidzimuka matayala ali m'miyala kunja kwa phula. Sindinagwe. Ndinaima, ndinazimitsa njinga, miyendo ili njenjenje. Lole ya fodya inadutsa pafupi nane ikuliza hutala. Sindikudziwa kuti maso anali atatsekeka kwa nthawi yaitali bwanji.

Nditafika kunyumba ndinawauza mayi akunyumba zonse ziwiri. Iwo sanadabwe. Anati, "Bambo, ndakhala ndikukuuzani zaka zingati? Inu usiku simugona, mumamenya nkhondo. Mumaliza mkonono, kenako zii. Ine ndimayamba kuwerenga. Nthawi zina ndimafika 20, nthawi zina 40, inu osapuma. Ndiye ndimakugundani ndi chigongono."

N'zoona, ankandiuza. Ndipo yankho langa linali limodzimodzi nthawi zonse: munthu akasiya kupuma amafa, ine ndaphunzitsa Biology zaka zoposa 20, musandiphunzitse za mapapo. Ndikamakumbukira yankho limeneli lero, manyazi amandigwira.

Ofotokoza vuto langa sanasowe. Mlongo wanga wakumudzi anati, "Achimwene, munthu wodzuka m'mawa ali wotopa ngati walima ekala, ndiye kuti alipo amene akumulimitsa usiku." Anali atapeza kale sing'anga wa kutsidya, ku Zambia. Ena m'chipinda cha aphunzitsi ankati mwina ndi kaodzera, popeza ndinapitako ndi ana a kalabu ya zachilengedwe ku Kasungu National Park kumene kuli akashembe. Koma kaodzera wa kuno kwathu sasunga munthu zaka khumi. Amabwera ndi kutentha thupi, ndipo akapanda kuchizidwa amapha m'miyezi yowerengeka. Ambiri, ngakhale sankanena pamaso panga, ankangoti ndi ulesi ndi kunenepa. Inenso mumtima ndinkaganiza chimodzimodzi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayeso atatha ndinapita ku Lilongwe kwa dokotala amene ankandiona za BP. Ndinali ndikumwa mitundu itatu ya mankhwala koma BP yosatsika bwino. Nditamufotokozera za njinga ija, anaika cholembera pansi n'kundifunsa mafunso 8. Kodi mungasinze mukuwerenga? Mukuonera TV? Mutakhala pamsonkhano? Mutakwera galimoto kwa ola lathunthu? Mukucheza ndi munthu? Funso lililonse umadzipatsa malikisi kuyambira 0 mpaka 3, onse pamodzi 24. Mafunsowa anawakonza Murray Johns mu 1991 pachipatala cha Epworth ku Melbourne, ndipo munthu akapitirira 10 ndiye kuti kusinza kwake kwapyola muyeso. Ine ndinapeza 17. Kenako anatenga tepi ngati ya telala n'kundiyeza khosi: masentimita 44. Anati akukayikira matenda otchedwa sleep apnoea, kubanika kutulo, koma kuti atsimikize pafunika ndikagone usiku umodzi makina akundiyang'anira.

Mwana wathu woyamba amakhala ku Johannesburg ndi mwamuna wake. Atamva, sanalole zokambirana. Anati, "Adadi, ndafunsa kale kuno, malo alipo. Kwerani basi." Ndinayamba kunena za ndalama, iye anadula foni. Motero pa holide ya August ndinakwera basi ku Lilongwe, kudzera pa Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka Park Station. Za ulendowu ndingonena chimodzi: tisanafike n'komwe pa Tete, anyamata a mpando wakumbuyo anali atandijambula kale pafoni.

Malangizo a tsiku loyezedwa anali ochepa. Kuyambira masana osamwa tiyi, khofi kapena Coca-Cola. Kusamba m'mutu koma osadzola mafuta. Kubwera ndi zovala zogonera ndi mankhwala anga a masiku onse. Ndipo lovuta kwambiri kwa ine: osagona masana. Adzukulu anga anapatsidwa ntchito yondilondera, ndipo anaigwira mwankhanza ngati apolisi a pamsewu.

Tinafika cha m'ma 7 koloko madzulo. Ndinkayembekezera wodi ya chipatala yonunkha mankhwala, koma chinali chipinda ngati cha resitihausi yabwino: bedi limodzi, kabati, makatani olemera, bafa pambali. Kusiyana kwake kunali kamera pakona ya denga, italoza pabedi, ndi kabokosi kolankhulirapo kumutu kwa bedi. Wondiyeza anali mtsikana wa msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa zaka zochepa zapitazo. Ankanditcha kuti Baba, monga amachitira kumeneko polemekeza munthu wamkulu. Anandikhazika pampando n'kunena kuti kundimanga mawaya kutenga pafupifupi ola.

Anayamba ndi kundiyeza mutu ndi tepi, kuchokera pamphuno mpaka kunkhongo, kuchokera khutu ili mpaka linzake, akulemba timadontho ndi pensulo yofiira. Ine amene ndatha mabolopeni ofiira osawerengeka pa makope a ana, ndinachongedwa pamutu. Anayamikira dazi langa, akuti limapeputsa ntchito. Aka kanali koyamba munthu kuliyamikira. Padontho lililonse ankakhulapo ndi mankhwala okhakhala ngati mchenga, n'kumatapo kachitsulo konga kabatani ndi zomatira zoyera, zozizira, zonga phala logona. Kachitsulo kalikonse kanali ndi waya wake wa mtundu wake.

Uphunzitsi sutha, ndinkafunsa ntchito ya waya uliwonse, ndipo iye sankatopa kuyankha. A m'mutu amamva timagetsi ta ubongo, ndipo ndi amene amasonyeza ngati munthu ali maso, ali m'tulo topepuka, kapena ali m'tulo tofa nato. Awiri a m'mbali mwa maso amaona kuyenda kwa maso, chifukwa munthu akamalota maso amathamangathamanga mkati mwa zikope. A pachibwano amamva kulimba kwa minofu. A pachifuwa ndi a mtima. A pamiyendo amagwira anthu amene amaponya mateche kutulo. Kenako anandimanga malamba awiri otamuka, wina pachifuwa wina pamimba, oti aziona ngati thupi likuyesetsa kukoka mpweya. Pakhosi anamatapo kakang'ono komva mkonono. Ndinamuuza kuti kameneko asavutike nako, anthu a m'chipinda chachitatu amuuza okha.

Pomaliza anandiika timapaipi tiwiri m'mphuno toyeza mpweya wolowa ndi wotuluka, ndi kopanira pachala kowala mofiira, koyeza okosijeni wa m'magazi, kaja tinakazolowera nthawi ya Covid-19. Ndinakumbukira mwambi wa kwathu kuno kolima fodya, woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Usiku umenewo wa pamphuno ndi wa pachala yemwe anali wanga. Ndinayesa kumumasulira mtsikanayo koma nthabwala inafera m'njira.

Mawaya onse, oposa 20, anawasonkhanitsa kumbuyo kwa mutu ngati akuluka tsitsi, n'kuwalowetsa m'kabokosi kamodzi. Nditadziyang'ana pagalasi la m'bafa ndinaoneka ngati wailesi yakale imene wokonza waitsegula kumbuyo n'kuisiya pathebulo.

Nditagona, anazimitsa magetsi n'kutuluka. Patapita kanthawi mawu ake anamveka pakabokosi kaja. "Baba, tsegulani maso muyang'ane kudenga. Tsekani. Osatembenuza mutu, yang'anani kumanzere, kumanja, kumwamba, pansi. Phethirani kasanu. Kukutani mano. Gwirani mpweya. Gwedezani chala chachikulu cha phazi lamanzere." Amatero pofuna kuona ngati waya aliyense akugwira ntchito. Ndinamvera zonse ngati mwana wa Fomu 1 tsiku loyamba. Kenako anati, "Zonse zili bwino. Gonani monga mumagonera kwanu. Ngati mungathe, yambani chagada."

Apa ndiye panali nkhani. Ine amene ndinagonapo pamaliro, pamsonkhano wa makolo, m'kati mwa ulaliki, ngakhale panjinga yoyenda, tulo tinandithawa.

Ndinayamba kumva chilichonse. Zomatira zija zikuuma n'kumakoka khungu. Timapaipi tikunyerenyetsa m'mphuno. Chala chikuwala mumdima ngati khala la moto. Ndikafuna kutembenuka, mawaya ankandikumbutsa kuti ndili pachingwe ngati mbuzi ya m'dzinja. Kunja kunkamveka magalimoto a apolisi, ndipo nthawi ina jenereta inalira, pakuti chaka chimenecho nakonso ku South Africa magetsi ankathimathima koopsa. Ndinasowa phokoso la kwathu: agalu a kutsidya kwa dambo, ng'oma zakutali, belu la ku mishoni m'mamawa. Koposa zonse ndinasowa chigongono chija.

Ndiye panali kamera. Simungadziwe kulemera kwa diso la munthu mpaka mutayesa kugona likukuyang'anani. Masana munthu umadzikonza: umamanga tayi, umasankha mawu, umabisa mimba m'jekete. Kutulo ulibe chodzitetezera. Ndinkadzifunsa kuti, nanga ndikabwebweta? Nanga ndikatchula dzina losayenera? Nanga mphepo ya m'mimba ikandipulumuka, si ilembedwa pakompyuta mpaka kalekale? Ndinaganizanso kuti awa ndi mayeso achilendo: sungawakonzekere, sungalowe ndi likasa, ndipo ukalimbikira kwambiri kuti ukhoze m'pamene ukulephera. Ndinayambanso kuda nkhawa ndi ndalama za mwana wanga, kuti zipita pachabe chifukwa bambo ake alephera chinthu chimodzi chokha chimene amachidziwa bwino.

Pakati pa usiku chikhodzodzo chinandivuta. Kunyumba ndinkadzuka katatu kapena kanayi usiku uliwonse, ndipo ndinkati ndi ukalamba. Pambuyo pake ndinamva kuti nako ndi chimodzi mwa zizindikiro za matendawa. Koma uli pamawaya sungangodzuka. Umayenera kuitana. Ndinakhosomola kaye kawiri, kenako, ine bambo wa zaka 54, ndinalankhula mumdima kupempha chilolezo chopita kukataya madzi. Mtsikana uja anabwera, anazula kabokosi kaja n'kundikoleka m'khosi ngati chikwama. Inu nonse amene ndinakukanizani kutuluka m'kalasi ndikuti mudikire belu, mlandu wanu unaweruzidwa usiku umenewo.

Nthawi ina analowanso ndi tochi kudzamata waya wa pamwendo umene unathothoka. Kupatula apo sindikumbukira kanthu koma kutembenukatembenuka. Atandidzutsa cha m'ma 5:30 ndinapepesa. Ndinati, "Mwanawe, ndakutayitsa nthawi, ndagona mwina maola awiri okha." Iye anaseka n'kunena kuti pafupifupi aliyense amatero. Zotsatira sanandiuze, anati ndi ntchito ya dokotala, koma pochotsa mawaya anandifunsa ngati ndimayendetsa galimoto. Nditati njinga yamoto, anangoti, "Muyambe mwaisiya, Baba." Zomatira zija zinatenga masiku awiri kuti zichoke m'katsitsi kanga kotsala.

Patapita masiku anayi tinabwerera kukamva zotsatira. Dokotala anatembenuza kompyuta kuti ndione nawo. Usiku wonse amaudula m'timagawo ta masekondi 30, ndipo kagawo kalikonse ndi tsamba lodzaza mizere yokhotakhota. Maola 8 amapanga masamba 960, ndipo pamakhala munthu amene amawaunika limodzi ndi limodzi. Anzanga ochonga mayeso, tisamadandaule kwambiri. Anandionetsa kuti ndinagona maola 5 ndi mphindi 40. Maola awiri anga aja anali bodza la ubongo.

Ndiloleni ndipatuke pang'ono, poti mphunzitsi akapeza choko salephera kulemba. Nzeru zoyeza tulozi si zakale kwambiri. Hans Berger wa ku Germany ndiye anayamba kujambula timagetsi ta ubongo wa munthu mu 1924. Mu 1953, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a ku yunivesite ya Chicago analengeza za tulo ta maloto, tija maso amathamanga, ndipo mmodzi mwa oyamba kumangidwa mawaya anali mwana wa Aserinsky yemwe, wa zaka 8. Dokotala amene anafotokoza bwino matenda angawa n'kuwapatsa dzina m'zaka za m'ma 1970, ku yunivesite ya Stanford, anali Mfalansa wotchedwa Christian Guilleminault, amene anamwalira mu 2019. Nditaliona dzinali ndinaseka ndekha. Malo athu ano anatchedwa dzina la Mfalansa winanso, Bishopu Mathurin Guillemé wa chipani cha White Fathers, amene anatsogolera mpingo wa Katolika m'dera lino kuyambira 1911 mpaka 1934. Ndachoka ku Guilleme ulendo wa masiku awiri kukapeza matenda a Guilleminault.

Chimene chimachitika n'chosavuta kumva, ndipo chithunzi chake ndakhala ndikuchijambula pabolodi chaka ndi chaka. Njira ya mpweya kuseri kwa lilime ilibe fupa loigwira kuti ikhale yotseguka, imadalira minofu. Munthu akagona minofu imalefuka. Kwa ena njirayo imangochepa, mnofu wofewa wa kumapeto kwa m'kamwa n'kumanjenjemera mpweya ukamadutsa: umenewo ndiwo mkonono. Kwa ena, makamaka a khosi lonenepa, njirayo imatsekekeratu ngati paipi yofewa ukaiyamwa mwamphamvu. Chifuwa chimakoka koma palibe cholowa. Okosijeni amatsika m'magazi, ubongo umadzidzimuka, umadzutsa munthu kwa masekondi ochepa oti sangawakumbukire, njira imatseguka ndi phokoso lija munkati chigayo chadzuka, munthu n'kugonanso, zonse n'kuyambiranso. Kudzidzimuka kulikonse kumathamangitsa mtima ndi kukweza BP. N'chifukwa chake matendawa amayendera limodzi ndi BP yosamva mankhwala, sitiroko, matenda a mtima ndi ngozi za pamsewu.

Amawerenga kubanika kulikonse kofika masekondi 10 kapena kuposa, kuphatikizapo pamene mpweya wachepa kwambiri osatsekekeratu, n'kuona kuti zachitika kangati pa ola. Kochepera 5 ndi bwinobwino. Kuyambira 5 mpaka 15 ndi pang'ono, 15 mpaka 30 ndi pakatikati, kupitirira 30 ndi kwambiri. Ine ndinapeza 47 pa ola, kutanthauza kuti usiku umodzi wokhawo ndinabanika nthawi zoposa 260. Okosijeni, amene mwa munthu wabwinobwino amakhala 95 kupita m'mwamba pa 100 iliyonse, anatsika kufika 76. Kubanika kotalika kwambiri kunatenga masekondi 52.

Kenako anandionetsa kanema wa kubanika kumeneko. Sindinakonzekere. Ndinaona mwamuna wonenepa ali chagada, kukamwa yasa, chifuwa ndi mimba zikukankhana mwamphamvu, koma mzere wa mpweya pakompyutapo uli phwathalala, osagwedezeka. Masekondi ankayenda pakona. 20. 30. Ndinapezeka kuti nanenso pampandopo ndagwira mpweya. Anali ngati mlamba wa mu Bua ataponyedwa pamchenga. Pa 52 munthu uja anadzigwedeza, anafwenthera mokweza, anameza mpweya, n'kugonanso ngati palibe chachitika. Mwana wanga anatuluka m'chipindamo.

Ine chimene chinandilasa sichinali mantha a imfa. Chinali chakuti kanema ameneyu, amene ine ndinalephera kumupirira kwa mphindi imodzi masana, dokotala ali pambali, mkazi wanga wakhala akumuonera yekha mumdima kwa zaka zoposa 10, wopanda womufotokozera, akuwerenga ndi kudikira kuti aone ngati ndipumenso. M'mawa mwake n'kudzuka kundiphikira madzi osamba, ine n'kumamuuza za digiri yanga.

Madzulo ndinawaimbira foni. Ndinawauza manambala onse, mpaka 52 uja. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kuti ndimawerenga mochedwa." Ndinayamba kupepesa, koma anandidula: "Makinawo ndiye mwawakhulupirira, eti?"

Ndinagonanso kumeneko usiku wachiwiri, mawaya omwewo, koma tsopano ndi makina otchedwa CPAP. Ndi kabokosi kopopa mpweya wamba wa m'chipinda, kudzera m'paipi, kufika pachophimba mphuno chomangidwa ndi malamba kumutu. Mpweyawo umakankha pang'ono usiku wonse kuti njira ija isatsekeke, monga chubu cha njinga chimakhalira chotukuka chikapopedwa. Anawatulukira Colin Sullivan wa ku Sydney mu 1980, ndipo oyambirirawo anawapanga ndi injini ya makina oyamwa fumbi m'nyumba, ataitembenuza kuti izipopa m'malo moyamwa. Mphindi zoyamba zimakhala ngati wakwera kumbuyo kwa lole utayang'ana kumene mphepo ikuchokera. Ukatsegula pakamwa kuti ulankhule, mpweya umatulukira pomwepo ngati tayala lophulika. Ndinafuna kuchivula. Mtsikana uja anandilimbitsa mtima, akusintha mphamvu ya mpweya ali kuchipinda kwake, mpaka anapeza muyeso wondikwanira.

Usiku umenewo ndinalota loto lalitali, lomveka bwino, loyamba pa zaka zambiri. Ndinali kudambo ndi malemu bambo anga tikumwetsa ng'ombe, iwo akundikalipira chifukwa cha thole losochera. Nditadzuka mutu sunkawawa, m'kamwa simunali mouma, ndipo sindinadzukepo n'kamodzi komwe kupita kubafa. Ndinakhala pabedi n'kumayang'ana makatani. Ndinali nditaiwala kuti m'mawa mumakhala chonchi.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinatha pomwepo. Makinawa sachiza, ukawasiya usiku umodzi, chigayo chimabwerera. Mphuno zimauma. Malamba amasiya mizere kumaso, moti ana a piriyodi yoyamba amadziwa mbali imene ndinagonera. Dokotala anandiuzanso kuti ndichepetse thupi, ndizigona chammbali, ndipewe mapiritsi ogonetsa, ndipo nkhondo yanga ndi mtanda wachitatu wa nsima ikupitirirabe. Magetsi akathima makina amathimanso, choncho tinagulitsa nkhumba ziwiri n'kugula sola ndi batire. Masiku a mitambo batire imatha cha m'ma 3 koloko, ndipo zikatero chigongono chimabwerera pantchito.

Za ndalama ndiye zimandiwawa. Kuyezetsa kawiri ndi makina zinadya ndalama zoposa malipiro anga a miyezi ingapo, ndipo analipira ndi mwana wanga ndi mkamwini. Tinachita mwayi kugula mu August, chifukwa mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chophimba mphuno chatsopano, chimene chimafunika kusintha chikatha, tsopano ndimachita kuchiganizira kawiri. Nanga mphunzitsi mnzanga amene alibe mwana ku Joni? Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya The Lancet Respiratory Medicine anayerekeza kuti anthu 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 padziko lonse ali ndi vutoli. Sindikhulupirira kuti onsewo ali ku America. Ena akuyendetsa maminibasi a Mchinji-Lilongwe, ena malole a fodya ngati ija inandiphonya. Ife timangowaseka pamaliro akayamba mkonono pakati pa nyimbo. Ngati mnzanu wa pamphasa amati mumasiya kupuma, mupempheni akujambuleni pafoni mphindi zisanu zokha, mukaonetse kuchipatala, ndipo mukanene za BP ndi kusinza masana pamodzi, osati padera. Makina ang'onoang'ono oyezera munthu ali kunyumba kwake aliponso masiku ano, otsikirapo mtengo kuposa kugona kuchipatala, funsani.

Sabata yoyamba nditabwerako, amene anasowa tulo anali mayi akunyumba. Ankati m'nyumba muli zii woopsa. Kangapo ndinadzuka ndikumva dzanja lawo lili pachifuwa panga, akufufuza ngati chikukwera ndi kutsika. Anazolowera patapita mwezi, ndipo tsiku lina anandiuza modabwa kuti nawonso ayambanso kulota.

Teremu itatsegulidwa, mnyamata wina wa Fomu 3 anagona pa desiki ndili pakati pophunzitsa za kapumidwe ka munthu. Kalasi inakhala chete kudikira kuti ndimutume kukatenga chikwakwa. Ndinamusiya mpaka belu, kenako ndinamuitana. Sanali wodwala ayi. Ankadzuka 3 koloko kukathirira nazale ya fodya ya malume ake, kenako n'kupalasa njinga mtunda wautali wosadya kanthu. Nazaleyo sindikanaithetsa. Tinangogwirizana kuti tulo tikamubwerera aziimirira kumbuyo kwa kalasi popanda kupempha, ndipo ndinalankhula ndi malumewo, amene anandimvera theka.

Chaka chotsatira ndinapitanso kochonga mayeso, makina anga ali m'chikwama. Mnzanga wa masamu uja atandiona pakhomo la hositelo anayamba kupinda matiresi ake. Ndinamuuza kuti ayambe wadikira, n'kupempha bedi loyandikana ndi soketi. Anthu anasonkhana kudzaona ndikuvala chophimba mphuno, ena akuti ndikupita kumwezi. Magetsi atazimitsidwa, mkonono unayamba ndithu, koma sunali wanga. Unkachokera pabedi la pakona, kwa mphunzitsi wina wa Geography wochokera kumpoto kwa boma lathu, munthu wamkulu thupi, wachete. Unalira, unalira, kenako zii. Ndinapezeka ndikuwerenga. Ndinafika 23.

M'mawa ndinamupeza pamzere wa tiyi akudzitikita pachipumi. Ndinati, "Aphunzitsi, kodi m'mawa uliwonse mumadzuka mutu ukuwawa chonchi?" Anandiyang'ana kapu ili m'manja, n'kufunsa kuti wandiuza ndani.